Sidi Yochokera ku India

Ndinaphunzira kutayipa ku mishoni, ndipo nditakwatiwa ndinatsegula kachipinda pa Migowi, kuseri kwa okala ya zitsulo za njinga. Ndinkatayipa makalata ofunsira ntchito ndi makhadi a ukwati pa kompyuta yakale imene ndinagula nditagulitsa mpunga wa chaka chonse. Koma ntchito imene ndinkaidikira inali ya mayeso a sukulu ya mishoni. Ahedi anandiuza kuti ndikapeza pulogalamu yolemba bwino masamu, mayesowo azindipatsa ine teremu iliyonse. Apo ayi, apita kwa bambo wina wa tsidya la msewu, amenenso anali ndi kompyuta. Popanda mayesowo, lendi ya kachipindako sindikanaikwanitsa.

Bambo wa tsidya uja pulogalamu yake anaigula kwa mavenda ku Limbe, sidi yokopera yolembedwa ndi bolopeni pamwamba. Ine ndinkaona kuti kumeneko ndi kuba. Ndinakafunsa yeniyeni, ya m'bokosi, m'sitolo ina ku Blantyre, ndipo mtengo umene ananditchulira unaposa wa kompyuta yonse. Ndinatuluka osatsanzika.

Apa m'pamene analowerera alamu anga, akulu awo a amuna anga, ogwira ntchito ku bungwe lina ku Lilongwe. Anali munthu woti akapita ku msonkhano wa kunja sabata imodzi, amabwerako ataiwala dzina la therere. Anakhala pa mpando wanga wa makasitomala, namwa fanta yanga, nayamba kundiphunzitsa.

"Alamu, inu maketi simuidziwa. Kampani imayang'ana thumba la dziko. Ku Amereka imadulitsa, ku India imatchipitsa, chifukwa ikudziwa kuti anthu ake ndi ovutika. Ndi chifundo chimenecho."

"Nanga ife a kuno tinalemera liti kuposa a ku India?" ndinafunsa.

"Aaa, zimenezo ndi za ikonomiksi, n'zazitali. Mwezi wa mawa ndili ndi wekishopu komweko. Ndikubweretserani orijino, ya laisensi, osati zonyansa za pa Limbe."

Ndinagulitsa mbuzi zanga n'kuwapatsa ndalamazo. Anabweradi ndi bokosi lokongola, sidi yake yonyezimira mpaka kudziona nkhope. Pulogalamuyo inalowa bwinobwino, ndipo inkalemba masamu osalala kuposa a m'buku. Ndinathamangira kwa ahedi, ndipo anandipatsa mapepala onse a mayeso olembedwa pamanja. Masiku amenewo ndinkadutsa pa khomo la bambo wa tsidya uja khosi lili m'mwamba.

Patapita masabata angapo, mayeso atayandikira, pulogalamu ija inakana kutseguka. Inalemba kuti ndiimbe kaye foni kwa eni ake, ndiwawerengere nambala ya pa bokosi. Ndinapita ku nyumba ya matelefoni, poti nthawi imeneyo foni ya m'manja inali ya mabwana. Nambalayo inali ya kunja. Anayamba ndi kundiimbira nyimbo, mayunitsi akutha, mwini nyumbayo akumwetulira ngati wafunsiridwa. Kenako panabwera mayi wa mawu aulemu kwambiri. Ndinamuwerengera nambala, iye nandifunsa dziko limene ndili.

"Malawi," ndinatero.

Anandifunsa kuti ndibwereze. Nditabwereza anapepesa, nandiuza kuti bokosi limenelo linapangidwira ogula a ku India basi, ndipo kwina kulikonse silololedwa. Ndigule la kuno. Ndinafunsa ngati kuno kuli mtengo wa ovutika. Anati mitengo imaikidwa malinga ndi msika wa dziko lililonse, ndipo dziko lathu silinaikidwire mtengo wakewake. Anamaliza ndi kundifunira tsiku labwino.

Ndinapsa mtima. Ikonomiksi ya alamu ija ndinaimva pomwepo, chifukwa ndinakula ndikuona ogula nandolo. Pa Migowi, pomwe masikelo ali mbali zonse, wogula amakunyengerera poopa kuti upita kwa mnzake. Kwathu ku Jenala, komwe kumafika mmodzi yekha, amatchula zimene wafuna akutokosa m'mano. Kampani ija inatsitsa mtengo komwe ogula ndi khamu ndiponso okopera ndi ambiri, poopa kutaya onse. Ife ogula a kuno tinali ochepa moti panalibe amene anataya nthawi kutiganizira. Chifundo chake chinali chimenecho!

Ndinaimbira alamu. Anamvetsera, kenako anausa moyo ngati ndawachititsa manyazi.

"Koma alamu, inunso! Mukanangonena kuti muli ku India."

Awa ndi aja ankanyoza za pa Limbe. Orijino yawo inkafuna kuti ine, mayi wa Mvano, ndiime pa Migowi, minibasi zikuitanira za ku Mulanje kumbuyo kwanga, n'kunama kuti ndili ku India. Za mbuzi zanga sanazitchule, ndipo mpaka lero sanazitchulepo.

Masamu onse amene ndinatayipa anatsekeredwa m'kati mwa pulogalamu ija. Ahedi anadikira mmene akanathera, koma ana sakanalemba mayeso pa bolodi chifukwa cha ine. Mapepala aja ndinawanyamula ndekha n'kuwoloka nawo msewu. Bambo uja anawalandira ndi manja awiri, osaseka, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanaseka. Sidi yake ya bolopeni sinamufunsepo dziko limene ali.

Teremu itatha ndinabweza kiyi wa kachipinda kaja, kompyuta ndinagulitsa, n'kubwerera ku munda wa mpunga. Sidi yokha sindinataye. Mpunga utayamba kucha ndinaimanga ku chingwe n'kuipachika pa nsungwi pakati pa munda. Mphepo ikaizunguza imathwanima, ndipo mpheta zimathawa. Chaka chimenecho mbali imeneyo ndinakolola bwino.