Nsungwi ya mabatire

Anandilanda kabokosi kanga ka gitala ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, nthawi imene zipani zinali zitangochuluka. Anakatenga ndi amalume anga enieni, a Jafali.

Kanali kachitsulo koponda ndi phazi, kamene achimwene anandisiyira pamodzi ndi gitala atamwalira ku Dwangwa. Gitala ndinkailumikiza ku wailesi, ndipo ndikaponda kabokosiko inkalira mokoka, monga inkalirira m'manja mwawo. Sukulu ndinali nditasiya. Anzanga akapita m'kalasi, ena ku maukonde ku Chia, ine ndinkatsala ndekha kuseri kwa nkhokwe ya mpunga, kuponda ndi kumvetsera.

Kabokosiko kankafuna kabatire ka makona anayi, kosapezeka kwathu. Achimwene anali atandionetsa njira: mabatire a tochi asanu ndi limodzi, kuwatsatanitsa m'nsungwi, waya uku, waya uku. "Moto usapitirire apa," ankatero. "Kamadya ngati khanda." Mabatirewo ndinagula nditapuntha mpunga wa eni. Akafooka ndinkawayanika padenga kuti dzuwa liwadzutse.

Amalume anali ndi bandi yoimba m'misonkhano ya chipani. Tsiku lina anaima pakhomo ndi lole.

"Mphwanga, tibwereke kachitsulo kako. Kukubwera abwana."

"Ndipite nawo, amalume. Ndimakadziwa ndine."

"Malo mulibe."

"Ndiye tengani ndi nsungwiyi. Musakalumikize kwina."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Nsungwi pamaso pa abwana? Atiyese akutchire?" Anakhuthulira mabatire m'thumba mwawo, ati a tochi yawo, nsungwi n'kuiponya pamchenga.

Kumsonkhanoko anakalumikiza ku batire la lole. Kanabwera katakulungidwa m'nsalu ya chipani, kakununkha ngati tayala lopsa. Ndinapita nako kuseri kwa nkhokwe. Ndinaponda. Zii. Ndinapondanso mpaka phazi linawawa.

"Tikawina ndikugulira kena," anatero amalume. Anawina. Ine ndinatsala ndi nsalu.

Gitala ndimaimbabe, koma kulira kuja sikunabwerere. Lero ndikudziwa kuti munthu amene waseka nsungwi yako sangasamale chimene nsungwiyo imadyetsa, ngakhale akhale mlongo wa amayi ako. Akaseka, bweza dzanja.

Nsungwi ija ndidakali nayo, yopanda kanthu m'kati. Mawu a achimwene sindikulipiritsa, alibe mtengo. Koma a Jafali, ngati nkhaniyi yakupezani, zotsala kwa inu ndi izi: kabokosi kamodzi, ndi mabatire asanu ndi limodzi.