Kwawo kwa a Rowland

Dailesi Kenani anafika ku Sheffield, mzinda wa ku Mangalande, mu 2001, m'gulu la anamwino amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'zipatala za kuno. Anali wa ku Ntcheu, wamfupi, woyenda ndawala ngakhale pa zitunda za mzindawu. Basi imene ankakwera popita ku ntchito inkayendetsedwa ndi a Rowland Bower, mzungu wofatsa amene ankamudikira akamuona akutsetsereka chothamanga. Anazolowerana mpaka anakwatirana, ndipo mwana wamkazi atabadwa anamutcha Luso.

Nkhani anaiyambitsa ndi bambo ake a Dailesi pa foni. "Mwanayu tamulandira," anatero a Kenani. "Koma bambo akewo kwawo ndi kuti? Tizimuthokoza ndi mfunda wanji?"

Dailesi atafunsa, a Rowland anaseka n'kunena kuti kwawo ndi ku Attercliffe, dera la mafakitale a zitsulo, ndipo nyumba imene anabadwiramo inagwetsedwa kalekale.

"Uko n'kumene munabadwira," anatero Dailesi. "Ine ndikufunsa kumene agogo anu anachokera."

Sankadziwa. Makolo awo anali atamwalira, ndipo zoterezi pakhomo pawo sizinkakambidwa. Wamkulu yekha wotsala anali azakhali awo, a Cathy, amene ankakhala okha ku Leeds. A Rowland anali asanawaone kuchokera pa maliro a bambo awo.

Loweruka lina anatenga Luso n'kukwera sitima ya ku Leeds, Dailesi atanyamula mandasi ndi chitenje cha mphatso. Anapeza mayi wokalamba, wowonda, wa maso akuthwa. Atamwa tiyi, Dailesi anafunsa mosapita m'mbali.

"Azakhali, tabwera kudzafunsa kwawo kwa mwanayu."

A Cathy anayang'ana Luso kwa nthawi ndithu. Kenako anati, "Bambo anga dzina lawo silinali Bower. Anali Georg Bauer, Mjeremani."

Anafotokoza kuti bambowo anabwera ali mnyamata kudzaphunzira ntchito ya butchala, mpaka anatsegula yawo ya nyama ya nkhumba ndi masoseji ku Attercliffe. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu 1915, Ajeremani atasanduka adani a dziko lino, chigulu cha anthu chinaswa mawindo a butchalayo n'kutayira nyama mumsewu. Ena mwa anthuwo anali makasitomala awo. Bambowo anatsekeredwa ku kampu ya akaidi mpaka nkhondo itatha, ndipo atatuluka anasintha dzina n'kuletsa ana awo kutchula za Jeremani.

"Palibe anandifunsapo," anatero a Cathy. "Ndimaganiza kuti ndipita nazo kumanda."

M'sitima pobwerera a Rowland ankangoyang'ana pawindo. Anakula akusewera nkhondo ndi anzawo kusukulu, ndipo pa masewerowo palibe ankafuna kukhala Mjeremani. Dailesi sanawakakamize kukamba za nkhaniyo. Masiku amene sali pa ntchito ankapita yekha ku laibulale ya mzinda, Luso ali m'kangolo ka ana, n'kumafufuza pa kompyuta. Kumeneko anamva za bungwe la adzukulu a mabutchala achijeremani, amene anamuuza kuti ambiri a iwo anachokera m'midzi yozungulira tauni ya Künzelsau. Mayi wina wa m'bungwelo, wodziwa Chijeremani, anaimbira foni abusa a m'midziyo mmodzimmodzi, mpaka wina anati banja la Bauer likadalipo ndipo likuwetabe nkhumba.

Dailesi atawauza zimenezi, a Rowland anangogwedeza mutu. Koma sabata yotsatira anawapeza kukhitchini ndi kaseti yophunzitsa Chijeremani, akubwereza moni mokakamira lilime.

Anapita ku Jeremani mu 2007. Pafamupo anawalandira mlimi wokalamba, mdzukulu wa mchimwene wake wa Georg. Iye ankadziwa kuti panali wachibale amene anapita ku Mangalande n'kusowa, ndipo banja linkayesa kuti anafera komweko wopanda mwana. Anagwira a Rowland m'mapewa, kuwayang'ana chipumi ndi makutu, n'kuitana mkazi wake kuti adzaone. Dailesi anagwada kuti apereke moni ngati mpongozi, mayiyo n'kuthamangira kudzamudzutsa poganiza kuti wagwa. Anaseka onse, ndipo chilendo chinathera pomwepo.

Atabwerako, Dailesi anakana zoti a Cathy azikhalabe okha. Anawatenga kudzakhala nawo ku Sheffield, m'chipinda cha pansi. Luso ankawatcha agogo, ndipo iwo anaphunzira kudya mpunga wa nyemba, ngakhale kuti therere analikana mpaka mapeto. Tsiku lina Dailesi akuwapesa tsitsi, a Cathy anamugwira dzanja.

"Ndinakalamba ndilibe m'bale," anatero. "Unachita kuchokera kutali kudzandipezera abale."

A Cathy anamwalira mu 2009. A Rowland ankaganiza kuti pa maliropo pakhala anthu ongokwana benchi imodzi. Koma amayi a mpingo wa Amalawi anabwera kuchokera ku Leeds ndi ku Bolton, atavala zitenje zofanana, ndipo mlimi uja anatumiza ana ake awiri. Nthawi yothokoza itakwana, a Rowland anaimirira, nayankhula m'Chingerezi, kenako m'Chijeremani chothyokathyoka. Pomaliza anatembenukira kwa amayi aja. Anangoweramitsa mutu n'kuwomba m'manja mwaulemu monga anaonera ku Ntcheu, amayiwo n'kuyamba nyimbo.