Mtsinje Utagwira Burani ya Kabdesh

Kabdesh ndi ine tinabadwa chaka chimodzi. Kwathu kuno anthu obadwa chaka chimodzi amaloledwa kunyozana, ndipo ife takhala tikunyozana zaka makumi asanu ndi awiri.

Mu 1981 famu ya boma inalandira ma Burani awiri, magalimoto oyenda pa chipale chofewa. Anabwera pa lole, ofiira, akununkha oilo. Tonse tinasiya ntchito kukaonerera. Kutsogolo kunali phazi limodzi lachitsulo lotsetsereka, pansi malamba awiri a mphira, ndipo injini yake inkalira munthu akakoka chingwe. Akuluakulu anapukusa mitu. Anati chinthu chopanda mphuno sichingadziwe njira ya kwawo mphepo ikafufuta mapazi. Ina inapita kwa dokotala wa ziweto, amene anaigwetsera m'chigwembe chaka chomwecho. Inayo inapita kwa Kabdesh, woyang'anira mahatchi kuphiri.

Inanyamula mchere wa mahatchi, makalata, aphunzitsi atsopano, amayi oyembekezera, ndi maliro angapo. Famu itatha, anthu anagawana katundu. Ena anatenga ng'ombe. Kabdesh anasankha Burani, ndipo mkazi wake Kulyash sanamulankhule sabata yathunthu.

Masiku ano achinyamata ali ndi zatsopano, zopepuka, zamapazi awiri, zothamanga ngati mphenzi. Kabdesh amaziyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira galu wa mnzake. Amati mapazi awiri amakola mtengo pakati, pamene lake limodzi limangoulambalala. Lamba wa injini wapadera amayenda naye m'chikhothi, pamimba, kuti asaume ndi kuzizira. Ndipo aliyense m'mudzi muno anamvapo lamulo lake: usaimitse pa mtsinje, ndipo kulikonse kumene waima, yala nthambi pansi pa malamba.

Kulyash atamwalira, mwana wawo Raushan anafuna kutenga bambo ake kupita nawo ku mzinda wa Oskemen, ku nyumba yosanja, chipinda chachisanu ndi chiwiri kuchokera pansi. Anakangana masiku atatu. Mapeto ake anapangana. Burani ndi imene imatuta nkhuni ndi udzu wa ziweto, ndi imene ingamufikitse kumsewu akadwala. Ikamayenda, akhale. Tsiku limene idzaime, Raushan adzabwera ndi sutikesi.

Disembala wathayu Kabdesh anawoloka mtsinje kukabweza sowo kwa mnzathu Seitkazy. Anaimitsa Burani m'mphepete, pa madzi oundana, osayala nthambi. Ankati angopereka sowo pakhomo n'kubwerera. Sankadziwa kuti tsiku limenelo Seitkazy waitana anthu kudzalawa nyama ya hatchi imene anapha ya nyengo yozizira. Anamukokera m'nyumba. Atakhala pansi anayang'ana uku ndi uku, n'kupeza kuti wamkulu pa onse ndi iyeyo. Mutu wa nyama anauika patsogolo pake.

Munthu amene wapatsidwa mutu sadzuka. Amadula, amagawira aliyense chigawo chake ndi mawu ake, amadikira msuzi, amadikira tiyi, kenako amadalitsa nyumba. Akadzuka asanadalitse, mwini nyumba sadzamuiwala mpaka kumanda. Amene analipo akuti Kabdesh ankadula khutu la nyama maso ali pa zenera. Zinatenga maola anayi.

Mtsinje wathu ukazizidwa kwambiri umatulutsa madzi pamwamba pa oundanawo, pansi pa chipale, mwakachetechete. Pamene Kabdesh ankatuluka, madziwo anali atazungulira malamba n'kuuma gwa. Anabwerera kwawo wapansi.

M'mawa mwake anagogoda kwanga, nkhwangwa ili paphewa.

“Kapan, uli moyo?”

“Ndamva kale,” ndinatero. “Aphunzitsi a nthambi aja.”

“Tseka pakamwa, gogo iwe. Tenga mgwala.”

“Ndiwatengerenso nthambi aphunzitsi?”

Sanaseke. Apa ndinadziwa kuti wachita mantha, ndipo ndinavala nsapato.

Tinaipeza itamira mpaka theka la malamba. Kabdesh anali atazika ndodo dzulo lake, ndipo madzi anali atakwera zala zitatu. Akanakwera chotero sabata imodzi, injini ikanamira. Nyengo yozizira ikatha, madzi n'kusungunuka, mtsinje ukanapita nayo.

Tinayamba kusema madzi oundanawo kutali, tikuyandikira pang'onopang'ono. Nkhwangwa ikaphonya n'kudula lamba, ndiye kuti zatha, chifukwa wina sakanamupeza msanga. Pafupi ndi mphira Kabdesh anasiya nkhwangwa, n'kugwada, n'kumakokota ndi chitsulo chaching'ono ngati akuchotsa munga kuphazi la mwana.

Seitkazy anatsika ndi ketulo ya madzi owira, akuthamanga, nthunzi ili tolotolo.

“Achimwene, pepani, mlandu ndi wanga. Tithirepo awa.”

“Ukathira, ndikuthira iweyo! Ukufuna aumirenso m'kati mwa magudumu?”

“Ndimati ndithandizeko.”

“Wathandiza kale dzulo ndi chimutu chako chija. Pita ukaphike tiyi ndi madziwo.”

Tinasema tsiku lonse. M'mawa mwake madzi anali atabwereranso m'dzenje lathu, koma osauma kwambiri. Tinasemanso. Mawondo anga ankalira ngati chitseko. Masana tinalowetsa mitengo iwiri pansi pake, ine ndi Seitkazy tinatsamira, ndipo chinamveka chiphokoso ngati fupa lathyoka. Kabdesh anatseka maso. Atatsegula anagwada, n'kusisita malamba onse awiri, dzino ndi dzino. Anali athunthu.

Kuiliza pomwepo sikukanatheka. Magudumu onse anali chibuma chimodzi cha madzi oundana. Ndinapita kukatenga hatchi yanga yaikazi, yokalamba ngati ife. Tinamanga chingwe, ndipo inakoka Burani kudutsa pakati pa mudzi, anthu akuonerera m'mageti.

“Taona,” ndinatero. “Ya mphuno ikutengera yopanda mphuno kwawo.”

“Yendetsa hatchi, usandiyendetse ine.”

Tinailowetsa m'shedi mwanga, tinakoleza mbaula, ndipo inadontha madzi tsiku lathunthu. Nkhani inali itafika kale ku Oskemen. M'mudzi muno nkhani siidikira basi. Raushan anaimba foni, nati abwera Loweruka. Sanakalipe. Kabdesh anati zikanakhala bwino akanakalipa.

Lachisanu m'mawa anasakaniza petulo ndi oilo m'chigubu, anakhutchumula, anathira. Anakoka chingwe. Zii. Anakokanso, kasanu, kakhumi, mpaka anatsamira khoma akupuma ngati mvukuto. Ine ndinangoyang'ana pansi. Anamasula mapulagi, anawaika pa mbaula mpaka anatentha, anawabwezera akuwomba zala. Anaima kanthawi dzanja lili pa chingwe.

“Iwe,” anaiuza motsitsa mawu, “ku Oskemen kuja kulibe shedi.”

Anakoka. Inatsokomola kawiri, inanjenjemera, kenako inabangula. Utsi wabuluu unadzaza shedi, nkhuku zanga zinathawira kwa aneba. Anaikweza kumbuyo pa chipika, anafinya moto, ndipo malamba onse awiri anazungulira.

Anatulutsa foni, anandipatsa kuti ndimupezere nambala poti maso ake anali ndi misozi. Anati ndi utsi. Raushan atayankha, sanamupatse moni. Anangolozetsa foni pa injini.

“Ndamva! Ndamva, bambo! Chotsani, mundiboola makutu!”

Anazimitsa.

“Ndiye za mawazo, mwanangu?”

“Ndibwerabe. Ndikubweretserani mankhwala anu ndi masokosi. Sutikesi ndiisiya. Koma mukadzaimitsanso pa mtsinje...”

“Ndani? Ine?”

Foni itaduka anakhala pa chipika china. Anayang'ana Burani, anayang'ana denga, anapuma mpweya wautali.

“Kapan,” anatero, “m'nyumba mwako muno tiyi anatha chaka chiti?”