Ambuya Atamanga Kamtolo

Lero m'minibasi mayi wina watsegula kabotolo ka fodya wa mphuno, ndipo fungo lake landikumbutsa ambuya, amene anabala agogo anga aamuna. Anali atapitirira zaka zana pamene atate anakawatenga ku Bundabunda kuti adzakhale nafe ku Palabana. Ana awo onse anali atawaika kale m'manda, koma kukhala pansi sankakudziwa.

Tsiku lina amayi anapita kuchigayo, nandisiya kuti ndiziwayang'anira. Ndinangoona amanga kamtolo, ndodo ili m'manja.

"Ambuya, muyenda kuti?"

"Kwathu. Mbalame zisiliza mapira yanga."

Munda umenewo unali utasanduka kale tchire. Ndinawakoka chitenje, anandikankha. Kwa aneba kunalibe munthu, ndiye ndinawatsatira, mchenga ukundiwotcha mapazi. Ankayenda chowerama koma mofulumira, akung'ung'udza nyimbo yothamangitsira mbalame.

Pamphambano anaima. Uku waya, uko waya, minda ya eni yokhayokha. Dzanja lawo louma linagwira langa.

"Iwe mwana, njira yakwathu ni iti?"

Ya ku Bundabunda sindinkaidziwa. Ndinaloza imene tinadzera. Anandiyang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako anandipatsa kamtolo kuti ndisenze.