Tsiku limene munagona osaliza mkonono

Lero mu minibasi yochokera ku Kaporo mayi wina anagona pambali panga akuliza mkonono, kenaka mpweya n'kuima. Ndinamugwedeza mpaka anakwiya nane. Pomwepo ndinakumbukira inu, asisi anga Tupokiwe.

Zaka zonse zija thupi linkakulemerani, ndipo mukagona mpweya unkadukaduka. Mutabwerako ku Tanzania kumene anakuchitani opaleshoni yochepetsa chifu, thupi litayamba kutsika, masana ena munagona pamkeka pakhonde titangomaliza kupeta mpunga. Munangoti zii. Ndinachita mantha, ndinakugwirani paphewa n'kukuwa dzina lanu. Munatsegula maso n'kunena kuti, "Nileke nigone, iwe! Kodi anthu amagona chonchi masiku onse? Ndiye mwakhala mukundibisira!" Tinaseka mpaka misozi.

Tulo tokoma tija simunatimve nthawi yaitali. Adokotala anati mtima unali utatopa kale chifukwa chopereweredwa mpweya zaka zambiri. Mpaka pano sindikumvetsa, asisi. Mpweya munaupeza, ana anu anasiya kudzuka kukakuyang'anani ngati mukupuma. Nanga bwanji munatisiya nthawi imene tonse tinali titayamba kugona osaopa?