Dalitso Ataposa Mzere wa Pageti

Ndikukumbukira khitchini yathu ya ku Bolton, m'nyumba zogundizana zija za njerwa zofiira, momwe aneba akatsokomola ife tinkamva. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amayi anali namwino pachipatala cha boma. Abambo, amene ku Zomba anali mphunzitsi, kuno ankanyamula makatoni kuweyahausi yosungiramo katundu. Mlongo wanga Dalitso anabadwira konkuno ndipo anali asanakwanitse zaka zinayi. Chichewa ankachimva chonse koma ankayankha m'Chingerezi basi.

Sukulu ikatsegulidwa pambuyo pa holide yaitali, anzanga ankasimba za paki ya zisangalalo ina ya kunyanja: akatungwe aatali ngati nsanja, tisitima tozondotsa anthu m'mwamba. Ine ndinkangomvetsera. Chaka chimenecho ndinatsimikiza mtima kuti nanenso ndikakhala ndi chosimba. Nditawauza abambo, anaseka n'kunena kuti zimenezo ndi za anthu amene ndalama zikuwayabwa m'thumba. Amayi anali akusita yunifolomu, ndipo anayankha osatukula mutu.

"Tiya, ukationetsa kuti tingapite n'kubwerako osakhudza ya lendi ndi yotumiza kumudzi, ine ndigwirako mashifiti owonjezera. Koma ukonze wekha."

Sindinachite mantha ngakhale pang'ono. Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkadzera kulaibulale, komwe kompyuta ankakupatsa ola limodzi, ndipo ndinkakopera zonse m'kope langa la masamu. Ndinapeza kuti sitima imatsika mtengo banja likakwera limodzi nthawi ya apantchito itadutsa. Ndinapezanso kuti mwana wosafika pa mzere wina wojambulidwa pageti amalowa ulere. Ndinamuimika Dalitso pachitseko cha khitchini mwezi wa Malichi, ndinamuyeza ndi tepi ya amayi yosokera, ndipo anali pansi pa mzerewo ndi zala ziwiri. Ndinalemba m'kope kuti Dalitso ndi waulere.

Chachikulu chinali makuponi. Pa mabokosi a konifulekisi pankakhala tizidindo, ndipo ukasonkhanitsa tingapo unkalandira kuponi yolowetsa munthu mmodzi ulere, bola mnzake alipire tiketi ya wamkulu. Kuyambira pamenepo phala la mgaiwa linasowa m'nyumba mwathu. M'mawa konifulekisi, ndikaweruka konifulekisi. Abambo ankadandaula kuti chakudya chimenechi chimangopanga phokoso m'kamwa koma m'mimba sichifikamo. Dalitso yekha ndiye ankakondwera, ankamaliza mbale yake ndi mkaka wonse n'kupemphanso ina. Gogo wina wachizungu wa nyumba yoyandikana nafe atamva nkhaniyi anayamba kumatiponyera tizidindo take pa kabowo ka makalata. Pofika Juni ndinali ndi makuponi awiri. Imodzi inali ya amayi, kuti abambo alipire iwo alowe ulere. Inayo inalibe ntchito, poti ine ndinali wolipira ya mwana ndipo Dalitso anali waulere kale. Abambo anati ndiitaye. Ndinaipinda n'kuiika m'kope.

Tinanyamuka Loweruka lina mu Julaye, kunja kukuwaza kamvula kaja ka kuno kosanyowetsa msanga. Amayi anali ataphika mpunga ndi nkhuku, anakazinganso mandasi, zonse m'chikwama chachikulu chimene chinanunkhiritsa chipinda chonse cha sitima. Abambo anavala jekete ndi tayi. Ine ndinakhala pawindo, kope pamiyendo, ndikuwerenga masiteshoni mokweza ngati kondakitala. Titatsika, mphepo ya kunyanja inatimenya ndi fungo la mchere ndi tchipisi, ndipo chapatali tinamva kukuwa kwa anthu kukwera ndi kutsika.

Pageti panali mnyamata wovala chipewa chofiira, ndipo pambali pake panali bolodi lokhala ndi mzere uja. Anamuitana Dalitso kuti aime pamenepo. Ndinamukankhira kutsogolo ndekha, ndili wotsimikiza. Mutu wake unadutsa mzerewo ndi chala chathunthu. Miyezi inayi ya mkaka ndi konifulekisi inali itagwira ntchito imene ine sindinaiwerengere.

Abambo anawerama ngati akumukonza kolala. "Iwe, pinda mawondo pang'ono," ananong'oneza.

Dalitso anawayang'ana modabwa, kenaka anaimirira ndi zala zakuphazi. "I'm a big boy," anamuuza mnyamata wa chipewa uja.

"Bambo a Tiya, mwana asaphunzire bodza pageti," amayi anatero motsitsa mawu. "Ngati sizikwana, tikakhala kumchenga, tidya nkhuku yathu n'kubwerera."

Kumbuyo kwathu mzere wa anthu unkakula. Tiketi ina yathunthu ikanadya zonse zimene amayi anapatula, ndipo ndinaona abambo akugwira thumba la jekete ndi manyazi amene sindinkafuna kuwaona nawo pamaso pa anthu. Pamenepo ndinakumbukira kuponi yopindidwa ija. Ndinapita ndekha pawindo, chibwano changa chikungofika pashelefu, ndipo ndinafunsa mayi wogulitsa matiketi ngati ine ndingalipire ya wamkulu kuti mlongo wanga alowe ndi kuponi. Anaitembenuza, anawerenga timalemba ta kumbuyo, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake n'kunena kuti palibe choletsa. Chowonjezera chinali chochepa. Chinangotidyera aisikilimu amene ndinalonjeza aliyense.

Titalowa, abambo anandigwira paphewa. Patapita nthawi ndinawamva akuuza amayi kuti mwanayu watengera kwawo kwa abambowo. Amayi anangoti, "Eya, ndi zoona," ndi mawu amene ngakhale ine ndinamva kuti sakuvomereza.

Abambo anasankha kukhala pansi ndi Dalitso pa timahatchi tozungulira, ati wina ayenera kulondera chikwama. Ine ndinkafuna chisitima chachikulu chozondotsa anthu, koma mwana wa msinkhu wanga sankaloledwa kukwera yekha. Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali, anavula duku n'kuliika m'thumba, ndipo tinakaima pamzere. Pokwera phiri loyamba, unyolo ukulira pansi pathu, anali akupemphera chapansipansi. Ndinaona madenga a tawuni yonse ndi nyanja yotuwa. Kenaka tinagwa. Amayi anakuwa kuitana amayi awo, anaitana Yesu, anaitananso abambo ndi dzina lawo lenileni limene ndinali ndisanawamvepo akulitchula. Pampando wa kumbuyo kwathu mayi wina anayankha m'Chinyanja cha ku Zambia, "Gwililani, amai, tizafika." Sitima itaima, awiriwo anatsika atagwirana manja, akuseka mpaka misozi.

Mayi uja anali wosamalira okalamba ku Rotherham, ndipo anabwera ndi ana ake awiri. Masana tinayala chitenje pa udzu wonyowa kuseri kwa malo odyera, tinadyera limodzi. Ana achizungu odutsa ndi mabaga awo ankasuzumira mandasi athu, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinachite manyazi ndi chakudya cha kwathu. Amayi anakweranso chisitima chija kachiwiri, ulendo uno ndi mnzawo watsopanoyo, ine ndikuwaonera pansi.

Pobwerera dzuwa linali lidakalipo, monga limachitira kuno nthawi yotentha. Dalitso anagona pamiyendo ya abambo, amayi anatsamira windo n'kugona sitima isanachoke n'komwe, nsapato atavula, mapazi atatupa.

Masiku ano ndili ndi ana anga awiri, ndipo ulendo ngati umenewu ndimaukonza pafoni ndili m'basi kupita kuntchito. Palibe amene amadula mabokosi, palibe amene amadikira miyezi inayi. Anawo amasangalala, koma pofika Lolemba amakhala ataiwala. Sindiwaimba mlandu, ndi zimene makolo anga anadzavutikira kuno. Chimene ndinachedwa kuchimvetsa ndi mapazi otupa aja. Ndili mwana ndinkanyadira kuti ulendowo ndinaukonza ndekha, ndipo ndinasimbadi choncho kusukulu. Nditakula ndi pamene abambo anandiuza kuti sabata imeneyo amayi anagwira masiku asanu ndi limodzi otsatizana, ndipo Lamlungu lake m'mawa anabwereranso kuwodi. Panopa ndine wamkulu kuposa mmene amayi analili tsiku lija. Nditawafunsa chaka chatha chifukwa chimene anavomerera, anandiyankha akusenda mbatata kuti chibwerereni ku Ulaya anali asanakuwepo, ndipo ankafuna malo oti akakuwe popanda wowaletsa.