Phazi la abambo limene anandibisira

Chaka chimene fodya wathu anabwezedwa kawiri ku okishoni n'chimene ndinaganiza zochoka. Ndinali nditafunsirapo malo kusukulu ya unamwino maulendo awiri, koma dzina langa silinatuluke. Ndinkangogulitsa sopo ndi panado m'golosale ya munthu wina pa Nsaru. Azakhali anga, amene akhala ku Amereka zaka zambiri, anaimba foni n'kunena kuti kumeneko kuli ntchito yosamalira nkhalamba, komanso kuli koleji yoti munthu n'kumaphunzira uku akugwira ntchito. Ndinavomera asanamalize n'komwe.

Abambo anangofunsa funso limodzi. "Kodi anthu akumenekowo alibe ana oti aziwasambitsa?" Amayi anangondikazingira mtedza wa paulendo.

Kolejiyo sinali monga ndinkaiganizira. Inali ya zaka ziwiri, ya anthu a m'deralo, ndipo m'kalasi munali oyendetsa mathiraki, amayi a ana anayi, ndi ife osambitsa nkhalamba. Phunziro loyamba limene anatikakamiza kutenga linali la luso lopambanira sukulu: kagawidwe ka nthawi, kalembedwe ka notsi, ndi kafunsidwe ka mafunso. Ine ndinati apa pali chinyengo. Munthu n'kuwoloka nyanja kuti akandiphunzitse kugwira kope? Ndinkakhala kumbuyo, pakamwa nditatseka, monga tinazolowerera kwathu kuti mphunzitsi safunsidwa. Mayeso oyamba a ziwalo za thupi ndinalakwa. Mphunzitsi wa luso uja, mayi wa imvi, anandiitana n'kunena kuti, "Esinati, ukangoti chete ndimaganiza kuti wamva. Usamandinamize ndi ulemu wako." Ndinatuluka nditakwiya, koma sabata yotsatira ndinakweza mkono.

Kusungulumwa kwa kumeneko sikuoneka pa chithunzi. Ndinkatha sabata osamva Chichewa, chifukwa azakhali ndi ine tinkasemphana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ya feteleza ndi ya malata. Zoti masiku ena ndinkalira m'basi sindinauzepo munthu.

Tsiku lina ndinatumiza kwa achimwene anga, a Lameki, chithunzi ndikuphunzira kutenga magazi pa mkono wa chidole. Ndinkati anyadire. Chithunzicho chinayenda m'mafoni mpaka ku Kabudula, ndipo chinabwerera ndi nkhani yoti mwana wa a Banda, kunena ine, analowa gulu lopopa magazi, n'chifukwa chake pakhomo pawo pakuwala malata. Ndinaseka, koma achimwene sanaseke. "Zithunzi zoterezi usamatumizenso," anatero. Kuchokera pamenepo ndinasiya kuwauza zimene ndikuphunzira. Ngakhale phunziro la nanotekinoloje, limene ndinalikonda koposa, ndinalisunga mumtima. Ndikanawafotokozera bwanji za tinthu tasiliva tochepetsetsa, tosaoneka ndi maso, timene amatiika m'mabandeji kuti tizipha tizilombo ta m'zilonda? Akanati umboni wa ufiti uja ndi umenewu.

Koma nane ndinali ndi zanga zokayikira. Chaka chachisanu, nditangoyamba kugwira ntchito ya unamwino, ndinaona kuti tikamayankhulana pa vidiyo, abambo amakhala pampando womwewomwewo pansi pa mtengo wa mango, chitenje chili m'miyendo. Munthu amene sankatha kukhala pansi dzuwa lili m'mwamba! Ndikafunsa, amayi ankati, "Ali bwino, angopumula." Kenaka ndinaona nsapato zachikopa zimene ndinatumizira abambo zili kumapazi kwa a Lameki pa chithunzi cha ukwati. Mtima wanga unati achimwene alanda zonse, munda ndi katundu yemwe, ndipo makolo akuopa kunena. Ndinapempha tchuthi, n'kunyamuka osauza wina aliyense.

Ndinatsika minibasi pa Nsaru masana, n'kukwera kabaza. Amayi ena amene anandilera pamsana anandipatsa moni ali chapatali, maso ali pa chikwama changa. Pakhomo ndinapeza a Lameki akukonza chigafa okha. Sindinadikire n'komwe kuti andilonjere.

"Achimwene, nsapato za abambo mukuzivala ndinu chifukwa chiyani?"

Anaika nkhwangwa pansi. "Nanga azivala phazi liti? Lowa ukaone wekha."

Fungo ndinalimva ndisanalowe. Ndimalidziwa fungo limenelo. Amayi anaima pakhomo la kuchipinda atatambasula manja.

"Usawagwire, Esinati."

"Amayi, kodi nanu mukukhulupirira zoti ndimapopa magazi?"

"Zimenezo n'za anthu ansanje," anatero. "Ine ndikuopa zenizeni. Uwaona, unena kuti kuchipatala. A Chisale a kuseri kuja anapita ndi chilonda ngati chomwechi, anabwerako alibe mwendo. Eti ukufuna bambo ako azikwawa?"

Abambo anayankhula ali mkati. "Musiyeni alowe. Wabwera kale."

Chilonda chinali kuphazi lamanzere, ndipo zala ziwiri zinali zitada bii. Anali ndi matenda a shuga, amene anawapeza nawo kalekale osandiuza. Miyezi isanu ndi itatu amayi ankatsuka chilondacho ndi madzi owiritsa a mchere, m'mawa ndi madzulo, n'kumamanga ndi nsalu yochapa ndi kusita. Kunena zoona, akanapanda kutero phazi lonse likanapita. Ndinawauza zimenezo, ndipo anakhala pansi n'kuyamba kulira.

M'chikwama ndinali ndi mabandeji a siliva aja. Abambo anatenga limodzi, analitembenuza uku ndi uku, n'kuliyang'anitsa padzuwa la pawindo.

"Siliva wakeyo ali pati? Sindikumuona."

"Saoneka, ababa. Ndi wochepetsetsa kuposa fumbi."

"Ndiye ungochiritsa ndi zimenezi, tisapite kutauni?"

Apa ndinafuna kunama. Zikanakhala zosavuta kuvomera, n'kuwamanga, aliyense n'kusangalala. Ndinagwada pafupi ndi bedi n'kunena kuti, "Ayi. Bandeji silidzutsa chala chakufa. Tikapita mawa, mwina achotsa zala ziwirizi basi. Tikadikira mwezi, ndiye za a Chisale zija."

Abambo anati, "Ukakhala pomwepo pamene akudula?"

"Ndikakhala pakhomo pomwepo, ndipo ndikawafunsa chilichonse."

Ndinachitadi zimenezo. Dokotala wa kuchipatala cha m'tauni ndinamupanikiza ndi mafunso mpaka anandifunsa kumene ndimagwira ntchito. Anachotsa zala ziwiri, phazi n'kutsala. Milungu isanu yotsatira ndinkatsuka bala lija, amayi ataima pambali panga kuonetsetsa chilichonse chimene ndikuika. Sanasiye kundilondera mpaka bala litayamba kuuma.

Kwa achimwene ndinapepesa. Munthu amene ndinkamuyesa wakuba ndi amene analima minda iwiri yekha chaka chonse, n'kumanyamula abambo pamsana kupita nawo kubafa. Anangoti, "Ukanafunsa ine."

Tsiku loti ndibwerere lili pafupi, ndinafunsa amayi chifukwa chimene anandibisira nthawi yonseyo, poti foni inalipo. Anali akusenda mtedza, ndipo sanadzutse mutu.

"Ukanakhala uli m'golosale muja ndikanakuuza tsiku lomwelo," anatero. "Koma unapita kukaphunzira za chipatala. Tikamva mawu ako pa foni, tinkamva ngati tikuyankhula ndi chipatala."

Ndinachoka kuti ndikaphunzire kusamalira odwala, ndipo kuphunzira komweko n'kumene kunachititsa kuti odwala a m'nyumba mwathu andibisire matenda awo. Ndinakoka mpando, n'kutapa mtedza wa m'lichero mwawo, tinayamba kusendera limodzi.